Khoswe wonenepa mu labotale si wosusuka

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti asayansi amatha kunenepetsa khoswe pongokhudza ubongo wake, komanso kuti ngati zili choncho, akulekeranji kupanga mankhwala oti ubongo uzilengeza msanga kuti mimba yakhuta. Ena akuyankhani kale kuti khoswe wotero ndi wosusuka basi. Ine ndikutsutsana nawo, koma mundipirire, nkhaniyi ndi yaitali.

N'zoona ndithu. Mu 1940, Albert Hetherington ndi Stephen Ranson a ku Northwestern University, mumzinda wa Chicago, anaotcha ndi magetsi kachigawo kakang'ono ka pansi pa ubongo wa makoswe, pamalo otchedwa hypothalamus. Makoswewo ananenepa mpaka ena kulemera kawiri kuposa anzawo. Kenako mu 1951, Bal Anand ndi John Brobeck a ku Yale anaotcha chapambali pang'ono pa malo omwewo, ndipo zinatembenuka: makoswe analeka kudya n'kumafa ndi njala chakudya chili pakamwa penipeni.

Tsono mvetserani khalidwe la khoswe wonenepa uja, chifukwa ndi limene limagwetsa mfundo ya kususuka. Iye sadya mpaka kalekale. Amadya modetsa nkhawa kwa milungu ingapo, thupi n'kukwera, kenako amafika pena pake n'kuima. Mukam'mana chakudya kuti aonde, akangochipeza amadya mpaka kubwerera pa sikelo yomwe ija. Mukamukakamiza kudya kuti apitirire pamenepo, mukamusiya amadzichepetsera yekha mpaka kutsikira pomwepo. Chodabwitsanso n'chakuti ndi wosankha. Mukathira kwinini pang'ono m'chakudya kuti chiwawe, iye amachikana msanga kuposa khoswe wabwinobwino, ndipo mukamuuza kuti azidina kachitsulo kambirimbiri kuti apeze kambewu kamodzi, amagwa ulesi. Wosusuka weniweni sangatero. Chimene chasokonekera mwa iye ndi muyezo wa mafuta umene ubongo ukufuna kuti thupi lisunge.

Nanga ubongo umadziwa bwanji kuchuluka kwa mafuta ali m'thupi? Mu 1959, G. R. Hervey ku Cambridge anasoka makoswe awiriawiri m'nthiti kuti magazi awo azisakanikirana (inde, ndi zankhanza ndithu, masiku amenewo malamulo oteteza nyama sanali olimba ngati lero). Ataononga hypothalamus ya mmodzi, ameneyo ananenepa monga mwa masiku onse. Koma mnzake, amene ubongo wake unali bwinobwino, anachepetsa kudya n'kuonda kwambiri. Tanthauzo lake linali lakuti mafuta a wonenepayo ankatumiza uthenga m'magazi wakuti "zakwana, lekani kudya". Mwini wake sankaumva chifukwa pomvera panali pataonongeka, koma mnzake ankaumva mokuwa.

Panapita zaka 35 kuti uthengawo udziwike dzina. Mu 1994 gulu la Jeffrey Friedman ku Rockefeller University, ku New York, linaupeza mwa mbewa: ndi homoni yotchedwa leptin, yopangidwa ndi maselo a mafuta. Mafuta akachuluka, leptin imachuluka. Zimenezi zinamasuliranso mwambi wa mtundu wina wa makoswe, wa Zucker, umene Lois ndi Theodore Zucker anaulongosola mu 1961. Makoswe amenewa amanenepa kuyambira ali ana popanda wowachita opaleshoni. Leptin ali nayo yambirimbiri, koma cholandirira chake mu ubongo n'cholakwika chibadwire, choncho ubongo wawo umangoona ngati thupi lili pa chilala, ngakhale mimba ikukwekwereza pansi.

Mkati mwa hypothalamus muli magulu awiri a maselo okokerana. Gulu lina limatulutsa mankhwala achilengedwe otchedwa NPY ndi AgRP, amene amadzutsa njala, pomwe lina, la POMC, limaiziziritsa. Leptin imatontholetsa loyambalo n'kulimbikitsa lachiwirilo. Mphamvu ya NPY si yamasewera: mukaibaya mu ubongo wa khoswe amene wangokhuta kumene, amabwereranso ku mbale ngati wagona ndi njala, ndipo mukamabaya tsiku ndi tsiku amanenepa m'masiku ochepa. Mimba nayo ili ndi mawu ake. Ikakhala yopanda kanthu imatulutsa ghrelin, homoni imene Masayasu Kojima ndi Kenji Kangawa a ku Japan anaipeza mu 1999 m'mimba za makoswe, ndipo chakudya chikafika m'matumbo mumatuluka homoni ina yotchedwa CCK, imene kuyambira 1973 zimadziwika kuti imapangitsa khoswe kusiya mbale msanga.

Tifike pa funso lanu la mankhwala. Leptin itangopezeka, anthu ambiri anaganiza kuti nkhani ya kunenepa yatha. Kwa ochepa zinaterodi. Mu 1997 madokotala a ku Cambridge anapeza ana awiri a pachibale amene matupi awo sankapanga leptin, ndipo ana otere akamabayidwa homoniyi njala yawo imazizira, thupi n'kutsika. Koma amenewa ndi owerengeka padziko lonse. Khoswe wonenepa wamba, ngakhalenso munthu, sasowa leptin. Ali nayo yochuluka kale, ubongo ndiwo wasiya kulabadira, ngati wailesi imene imangolira tsiku lonse m'nyumba mpaka eni ake osaimvanso. Kuwonjezera ina sikuthandiza kwenikweni.

Chimagonthetsa ubongo n'chiyani? Kwa ine apa ndi pamene pali phata la nkhani, ndipo sipafunika mpeni kapena chibadwa cholakwika. Mu 1976, Anthony Sclafani ndi Deleri Springer anapatsa makoswe abwinobwino zakudya za m'sitolo zosiyanasiyana, monga mabisiketi, chokoleti, tchizi ndi mkaka wotsekemera, pambali pa chakudya chawo chouma cha masiku onse. Makoswe amene ankasunga thupi limodzimodzi pa chakudya choumacho ananenepa m'miyezi iwiri yokha. Patapita zaka, ofufuza a ku Campinas ku Brazil mu 2005, ndi ena a ku Seattle mu 2012, anaonetsa kuti chakudya chamafuta ambiri chimayambitsa kutupa mu hypothalamus. A ku Seattle anaona zizindikiro zake pasanathe masiku atatu, khoswe asanayambe n'komwe kunenepa. Ndiye kuti pomvera uthenga pamayamba kuvulala thupi lisanasinthe.

Palinso njira ina mu ubongo imene siwerengera mafuta, imangofuna zokoma. Imayendera dopamine, mankhwala achilengedwe a mu ubongo amene amadzutsa chilakolako cha zokoma. Mu 2010, Paul Johnson ndi Paul Kenny a ku Scripps, ku Florida, analola makoswe ena kudya soseji, nyama ya nkhumba yowamba, keke ndi chokoleti pafupifupi tsiku lonse. Atanenepa, zolandirira dopamine za mtundu wa D2 zinachepa mu ubongo wawo. Kenako anawaphunzitsa kuti nyali ina ikayaka, magetsi awagwira kuphazi. Makoswe ena ankasiya kudya nyaliyo ikayaka, koma onenepawo ankangopitiriza. Atawalanda zokomazo n'kuwabwezera chakudya chouma, anatha pafupifupi milungu iwiri akungochinyanyala. Ena amati zimenezi n'chimodzimodzi ndi mankhwala ozunguza bongo. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kukokomeza, chifukwa khoswe wotsekeredwa m'kakhola, wopanda chochita china, si chithunzi chabwino cha moyo wa nyama iliyonse. Koma zoti chilakolako chimatha kupondereza uthenga wa kukhuta, zimenezo n'zosakayikitsa.

Musaganizenso kuti makoswe onse amagwa mofanana. Barry Levin wa ku New Jersey anaona kuti mukapatsa makoswe a mtundu wa Sprague-Dawley chakudya chonona chimodzimodzi, pafupifupi theka amanenepa, enawo ayi. Atawakweretsa onenepa okhaokha ndi osanenepa okhaokha, mibadwo yotsatira inatengera makolo. Ana a onenepawo ankamva leptin mofooka ngakhale asanalawe chakudya chononacho. Khola limodzi, mbale imodzi, koma ubongo wina unabadwa wosavuta kugontha.

Mankhwala amene mukufunsawo alipo tsopano, kungoti anadzera khomo lina. Mu 1996 gulu la Stephen Bloom ku London linabaya homoni ya GLP-1 mu ubongo wa makoswe anjala, ndipo anachepetsa kudya kwambiri. Homoniyi imapangidwa m'matumbo komanso kumunsi kwa ubongo, ndipo mosiyana ndi leptin, ubongo wa nyama yonenepa umaimvabe. Semaglutide, amene amagulitsidwa m'maina a Ozempic ndi Wegovy, amatsanzira homoni imeneyi. Amachepetsadi njala, koma ambiri amawachititsa nseru, amafunika dokotala wowayang'anira, ndipo sasintha muyezo umene ubongo ukuuteteza. Pa kafukufuku wamkulu wa anthu, amene anasiya jakisoniyo anabwezeretsa magawo awiri mwa atatu a thupi limene anataya m'chaka chimodzi chokha.