Funsani Ankolo: bwanji ngwazi zimaluza pa fainolo ya 1500m?

FUNSO: Ankolo, ine ndine wa mpira koma mu September 2025 ndinaonerako World Athletics Championships ija ya ku Tokyo, nde chilipo chandisokoneza mutu. Pa 1500m ya amuna anawina ndi munthu wa ku Portugal woti sindinamumvepo, nthawi yake 3:34.10, chonsecho anzanga akuti alipo ambirimbiri amene amathamanga pansi pa 3:30. Zikutheka bwanji wochedwa kutenga golide? Kapena amagulana ngati zomwe timamva ku mpira zija? Wowerenga wa ku Chilinde, Lilongwe

YANKHO: Mphwanga, zogulana palibepo apa, ndipo mkulu ukumutcha wochedwayo dzina lake ndi Isaac Nader, anamupitirira Jake Wightman wa ku Britain pamzere penipeni, wina 3:34.10 wina 3:34.12, Reynold Cheruiyot wa ku Kenya nkubwera wachitatu. Chomwe anzakowo sanakuuze nchakuti nthawi zambiri za pansi pa 3:30 zija zimachokera ku mipikisano yamtundu wina ngati Diamond League. Kumeneko amalemba munthu ganyu, amamutcha kalulu, ntchito yake kutsogolera pa spidi imene agwirizana kenako nkupatuka asanamalize, ndipo masiku ano amayatsanso timagetsi m'mphepete mwa bwalo tosonyeza spidiyo. Enawo amangondondozana pambuyo ngati ana a bakha, mutu suwawa, ntchito nkupirira basi.

Ku championship kulibe kalulu, kulibe timagetsi. Komanso sumangofikira pa fainolo, umayamba ma heat, mipikisano yoyambirira yosefera othamanga, kenako semi, nde fainoloyo imakupeza miyendo italawa kale kawiri m'masiku ochepa. Palibe amafuna kutsogola chifukwa wotsogola ndi amene amalimbana ndi mphepo, anzake akubisala kumsana kwake kusunga mphamvu. Nde mumaona anyamata 12 kapena kuposera apo ataunjikana, zigongono zikugundana, ma spikes, timisomali ta kunsi kwa nsapato, akukandana m'miyendo, aliyense akudikira belu la raundi yomaliza. Pa mendulo salembapo nthawi.

Ukadaona za ku Rio mu 2016 bwenzi utazimitsa TV. Matthew Centrowitz wa ku America anatenga golide wa Olympics ndi 3:50.00, nthawi yochedwetsetsa kuyambira 1932, moti patangopita masabata ochepa ku Paralympics pabwalo lomwelo anyamata anayi a vuto la maso anathamanga 1500m mwachangu kuposa pamenepo. Koma Centrowitz anachita dala, anakhala kutsogolo nkumawayendetsa anzake pang'onopang'ono, raundi yomaliza nkuikwapula m'masekondi pafupifupi 50, panalibe womugwira.

Malo amene waima ndi nkhani yaikulu kwambiri. Ukakhala mkati anzako amakutsekera, kutsogolo munthu, kumanja munthu, mphamvu uli nazo koma potulukira palibe. Ukati uthawire kunja, mzere wachiwiri wokha umakuwonjezera mamita pafupifupi 7 pa raundi, ndipo pa spidi ya anyamata amenewa mamita 7 ndi sekondi yathunthu. Tayerekeza ndi mmene Nader ndi Wightman anasiyanirana muja.

Munthu amene nkhaniyi yamuvuta koposa ndi Jakob Ingebrigtsen wa ku Norway. Anatenga golide wa Olympics ku Tokyo mu 2021 ndi 3:28.32, ndipo pa mipikisano ya kalulu amawakwapula anzake pafupipafupi. Koma alibe spidi yoopsa ya kumapeto, nde amadzisandutsa kalulu yekha kuti awatopetse msanga. Pa World Championships ya ku Eugene, America, mu 2022 Wightman anangomumatirira kumsana, patatsala mamita 200 nkumudutsa, ndipo wolengeza pa maikolofoni m'bwalomo anali bambo ake a Wightman enieni, a Geoff, amenenso anali kochi wake. Chaka chotsatira ku Budapest, Josh Kerr, wochokera kalabu imodzimodzi ya ku Edinburgh ndi Wightman, anamuchita zomwezo pakona yomweyo yomaliza. Kufika ku Paris mu 2024 dziko lonse limangokamba za Kerr ndi Ingebrigtsen, awiriwa atatukwanizana mokwanira m'manyuzi, Ingebrigtsen anayamba ndi spidi yamisala, pomaliza akulimbana ndi Kerr anasiya kampata mkati, Cole Hocker wa ku America nkulowera pomwepo, 3:27.65, rekodi ya Olympics. Kerr wachiwiri, Yared Nuguse wachitatu, mwini filimu wachinayi opanda kanthu. Choseketsa nchakuti maulendo atatu onsewa Ingebrigtsen anakatenga golide pa 5000m patangopita masiku ochepa, kusonyeza kuti vuto silinali fomu.

Ine anthu amene amati mpikisano wochedwa ngobowa sindigwirizana nawo. Wa kalulu umadziwiratu mmene uthere, koma uwu mtima umakhala m'mwamba mpaka pamzere. Ngakhale Hicham El Guerrouj wa ku Morocco, mwini rekodi ya 3:26.00 ya ku Rome mu 1998, anagwa pa fainolo ya Olympics ku Atlanta mu 1996, ku Sydney mu 2000 Noah Ngeny wa ku Kenya anamudutsa kumapeto, golide wa Olympics anadzamuona mu 2004 ku Athens.

FUNSO: Ankolo, pa zotsatira ndimaona ena awalembera Q wamkulu ena q wamng'ono, zimatanthauza chani? Mtsikana wa Fomu 3, Zomba

YANKHO: Mwanawe, Q wamkulu ndi amene wapitirira chifukwa cha nambala imene wamaliza mu heat yake, q wamng'ono ndi amene sanakwane pa nambalazo koma nthawi yake ili m'gulu la zabwino mwa otsalawo. Pa 800m zikadalipo. Pa 1500m anazichotsa kuyambira ku Budapest mu 2023, chifukwa a heat yomaliza amakhala ataona kale nthawi za anzawo nde amadziwa spidi yoti athamange, zomwe sizinali chilungamo. Pano ndi nambala basi.

FUNSO: Ankolo, ndili kuno ku Johannesburg ndipo ndili ndi mlamu wa ku Botswana amene satipumitsa, akuti mnyamata wakwawo anatsala pang'ono kumugonjetsa David Rudisha pa 800m. Nzoona kapena ndi matama chabe? Wowerenga wa ku Joni

YANKHO: Achimwene, alamu anuwo akuwonjezerako mchere pang'ono koma nkhani ilipo. Linali tsiku la 9 August 2012 ku London, fainolo ya Olympics. Rudisha wa ku Kenya anachita zosemphana ndi zonse ndafotokoza pamwambapa, atangomaliza kona yoyamba pamene amaloledwa kusiya mizere yawo nkulowa mkati, anatenga kutsogolo osayang'ananso m'mbuyo, raundi yoyamba 49.28, nkumaliza 1:40.91, rekodi ya dziko lonse popanda kalulu. Nijel Amos, ali ndi zaka 18 zokha, anabwera wachiwiri ndi 1:41.73, mendulo yoyamba ya Botswana ku Olympics. Koma kusiyana kwa pafupifupi sekondi pa 800m ndi mamita angapo ndithu, nde zoti anatsala pang'ono ayi, Rudisha sanaopsezedwe.

Mpikisano umenewo unali wina. Andrew Osagie wa ku Britain anamaliza kumapeto kwenikweni, wa nambala 8, ndi 1:43.77, nthawi yoti ikadampatsa golide ku Sydney, ku Athens ndi ku Beijing. Pa 800m zotsogola zimatheka kusiyana ndi 1500m chifukwa ndi maraundi awiri okha, pafupifupi aliyense raundi yachiwiri amakhala akuchepa mphamvu, nde amawina ndi amene akufooka mochedwa, komanso kutsogolo kulibe zigongono. Komabe pamafunika chifuwa cha Rudisha, amene anaphunzitsidwa ndi Brother Colm O'Connell ku Iten kwawo ku Kenya, ndipo bambo ake a Daniel Rudisha anatenga siliva pa 4x400m ku Mexico City mu 1968.

Pofika kumapeto kwa 2025 rekodiyo inali isanathyoledwe. Amene ankainunkhiza panthawiyo ndi Emmanuel Wanyonyi, nayenso wa ku Kenya, amene anali ndi 1:41.11, anatenga golide ku Paris ndi 1:41.19 kumuposa Marco Arop wa ku Canada ndi 0.01 yokha, nkudzatenganso ku Tokyo mu 2025, ndipo nayenso amakonda kutsogola yekha. Za Amos, alamu anuwo mwina sanakuuzeni kuti mu 2023 anapatsidwa chiletso cha zaka zitatu atapezeka ndi mankhwala oletsedwa m'thupi. Koma imeneyo mukaitchule mutadya kale nsima yawo.