Otolera ngongole ya galimoto akundisowetsa mtendere

FUNSO

Alangizi, ndinatenga ngongole kubanki ina n'kugula galimoto ya mtundu wa Sienta yonyamulira anthu pakati pa Kasungu boma ndi Santhe. Chaka choyamba ndinkabweza bwinobwino, koma giyabokosi itawonongeka galimoto inakhalitsa kugalaja, ndipo itatuluka ndinakumana ndi kusowa kwa mafuta, moti tsopano ndatsalira ndi miyezi itatu. Banki inapereka nkhaniyi kwa kampani yotolera ngongole. Anthuwo amandiimbira foni ngakhale usiku, anapita kumsika kukauza mayi akunyumba pamaso pa anthu kuti ndimangidwa, ndipo mmodzi anati ndimupatse K100,000 pamanja kuti galimoto isalandidwe mwezi uno. Alamu anga akuti ndikaibise kumudzi kapena nditenge katapila. Kodi angandimangitsedi? Nanga ndichite chiyani?

Dalaivala wodandaula, Santhe, Kasungu

YANKHO

Bambo, tiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limanena kuti munthu sayenera kutsekeredwa m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa zimene anagwirizana m'pangano, ndipo ngongole yanuyi ndi pangano lotero. Kutsalira miyezi itatu si mlandu wa kupolisi. Ndi nkhani ya pakati pa inu ndi banki, imene ikavuta imapita kubwalo la milandu. Chimene chingakuikeni m'manja mwa apolisi ndi malangizo a alamu anuwo, pakuti galimotoyo ndi chikole cha ngongole, ndipo kuibisa, kuigulitsa mwakabisira kapena kuiwolotsera ku Zambia kungatengedwe ngati chinyengo. Isiyeni poonekera.

Otolera ngongole ndi anthu otumidwa chabe, si apolisi ndiponso si masherifu a khoti. Akabwera, afunseni chitupa chawo ndi kalata yochokera kubanki, kenako imbani kunthambi imene munatengako ngongole kuti mutsimikize ngati atumidwadi. K100,000 ya pamanjayo musapereke, chifukwa sidzachepetsa ngongole yanu ngakhale ndi tambala imodzi, ndipo woilandirayo adzabweranso mwezi wamawa. Ndalama iliyonse imene mwapeza, kaya ndi yochepa motani, kaiikeni kuakaunti ya ngongoleyo ndipo musunge lisiti. Zimene anachita kwa mayi kumsika zandikhudza kwambiri, pakuti ngati mayiwo sanasaine monga wobwereka kapena wokuikirani kumbuyo, ngongoleyi si yawo, ndipo kuwachititsa manyazi pamaso pa makasitomala awo ndi nkhanza. Lembani m'kope tsiku, nthawi ndi mawu amene ankanena, musafufute mauthenga a pafoni, ndipo mulembe kalata ya dandaulo kubanki, popeza ndiyo inawatuma. Banki ikapanda kuchitapo kanthu, pitani nalo dandaulolo ku Reserve Bank of Malawi, kumene kuli ofesi ya Registrar of Financial Institutions yoyang'anira mabanki motsatira lamulo la Financial Services Act la 2010. Wina akakuopsezani kuti akuvulazani, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi tsiku lomwelo.

Komabe sindikufuna kukunamizani kuti galimoto singatengedwe. Tulutsani pangano limene munasaina ndipo muwerenge bwino ndime zonena za kulephera kubweza, chifukwa mapangano ambiri amapatsa banki mphamvu yotenga chikole, ndipo lamulo la Personal Property Security Act la 2013 limavomereza kuti katundu wosunthika monga galimoto akhale chikole. Mphamvuyo si chilolezo chothyola geti kapena kukankha munthu. Zikafika pokakamiza, amene amagwira ntchitoyo ndi masherifu atanyamula chikalata cha khoti. Mukalandira chisamani musachiike pansi pa matiresi, pakuti mukapanda kuyankha khoti likhoza kugamula inu kulibe. Ngati mulibe ndalama ya loya, kafunseni thandizo ku Legal Aid Bureau. Ndipo tsiku lotenga galimoto likafikadi, chotsanimo katundu wanu, ijambuleni mbali zonse pamodzi ndi makilomita amene yayenda, ndipo akusainireni pepala losonyeza mmene aitengera.

Chimene anthu ambiri amachizindikira mochedwa n'chakuti kulandidwa kwa galimoto sikuthetsa ngongole. Galimoto yolandidwa imagulitsidwa pa okushoni, kawirikawiri pamtengo wotsika, ndipo pa ndalamayo amayamba achotsa zolipira oikoka, oisunga ndi oigulitsa. Yotsalayo ikapanda kukwana, mudzalipirabe yoperewerayo muli wapansi. Ikapitirira, yapamwambayo ndi yanu, choncho muziitanitsa pepala la mmene malondawo anayendera. Dzina lanunso limapita kumabungwe osunga mbiri ya obwereka, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 2010, ndipo mbiri ikaipa zimavuta kudzapeza ngongole kwina.

N'chifukwa chake ndikukulimbikitsani kuti sabata ino mupite nokha kunthambi ya banki, musadikire kuti akupezeni. Pemphani sitetimenti yosonyeza padera ndalama imene munabwereka, chiwongoladzanja, zilango za kuchedwa ndi zolipira otolera ngongole. Ziyang'aneni modekha, chifukwa ngongole zambiri zimatsata chiwongoladzanja chosinthasintha: kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti kumayambiriro a 2024, ndipo obwereka ambiri anaona ndalama yobweza pamwezi ikukwera pamene mtengo wa masipeyala unali utakwera kale. Tengani malisiti a kugalaja ndi kope la ndalama zimene galimoto imapeza patsiku, ndipo mupemphe kuti akuwonjezereni miyezi yobwezera kapena agawe zotsalirazo pang'onopang'ono. Ngati mumalimanso fodya, auzeni za ndalama imene mukuyembekezera msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa cha mu April, koma musalonjeze imene simungakwanitse. Banki siyokakamizidwa kuvomera, ngakhale kuti nayonso imadziwa kuti okushoni imaluzitsa. Chilichonse mwagwirizana chilembedwe ndi kusainidwa, chifukwa lonjezo la pafoni silidzakuthandizani kukhoti.

Musanapite, khalani pansi ndi mayi muwerengere moona mtima. Pa ndalama ya mwezi wonse chotsani ya mafuta, ya sevisi, ya matayala, ya inshuwalansi, ya COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi ya chakudya cha pakhomo. Yotsalayo ikakhala kuti siikufika pa ndalama yobweza ngakhale miyezi itawonjezeredwa, maganizo anga ndi akuti mupemphe banki chilolezo cholembedwa choti mupeze nokha wogula, amene adzalipire mwachindunji kubankiko, chifukwa mtengo umene mungapeze ku Kasungu kapena ku Lilongwe ungapose wa pa okushoni. Katapila ndiye musamuyandikire. Wokongoza wotero amafuna chiwongoladzanja chachikulu pamwezi umodzi wokha ndiponso chikole china, mwina njinga yamoto, ng'ombe kapena mapepala a puloti, ndipo mungathe kutaya zimenezo galimoto n'kulandidwabe.