Atlas yanga inagwa mnzanga ali mkati akuseka

Achimwene, mwanditokosa pachilonda ndi mawu anu omalizawo, oti mukufuna gemu ya ma mech (makina akuluakulu ankhondo oyenda ndi miyendo) yoti muzisewera ndi anzanu. Zoti MechWarrior 5 kapena Armored Core VI ndikuyankhani, koma mundilole kaye nditulutse zomwe zili kukhosi, chifukwa mpaka lero ndikakumbukira usiku umenewo mtima umandiwawa.

MechWarrior 5: Mercenaries ndinaiyamba mu 2021 itangofika pa Steam. Amene munaisewera mukudziwa umphawi wa poyambira: mech ya Centurion ya matani 50, chombo cha Leopard chokunyamulani, ndi ma C-bills (ndalama za m'gemumo) osakwanira ngakhale kubwezeretsa mkono umodzi ukaduka. Tsiku loyamba lomwelo ndinadziikira lamulo loti zikavuta sindidzabwezera save (pomwe gemu inasungira pamene ndafika) m'mbuyo. Chagwa chagwa, wafa wafa. Ndinkafuna kuti chilichonse chili mu hangar yanga chikhale chokhetsera thukuta, ndipo miyezi yonse ndinalisunga lamulolo osaliphwanya ngakhale kamodzi.

Atlas ija, mech yanga yaikulu, sindinagule. Ndinaitola pa salvage, zija umatola pa ma mech a adani nkhondo ikatha, pa misheni ya Assassination. Mapointi onse okambirana kontirakiti ndinawaika ku salvage, malipiro ndinangolandira a pansi penipeni, ndipo pankhondopo ndinalimbana ndi miyendo yake yokha kuti thupi lisale labwino. Matani 100, nkhope ya chigaza ija. Inakhala kwa Fahad, makaniko wa m'gemumo, milungu yambiri ikukonzedwa, ine ndikuyendetsa timakontirakiti ting'onoting'ono kuti ndipeze zolipira ma pilot. Kenako pa msika wina ndinapeza mfuti yamphamvu ya Gauss rifle. Ndinachotsa mfuti yaikulu ya AC/20 ya kumanja n'kuikapo imeneyo, n'kuwonjezera ma double heat sink (zoziziritsira mech) anayi omwe ndinawasonkhanitsa limodzilimodzi. Zimenezi ndi zija amati lostech, zida zomwe nzeru zozipangira zinatayika m'nkhondo za Succession Wars, ndiye sizipezeka wamba. Ukataya, sudziwa kuti china udzachiona liti.

Ndiye kunabwera mnzanga wina amene tinkadziwana kudzera m'magemu ena. Anandichonderera masiku angapo kuti alowe co-op, tisewerere limodzi mu kampeni yanga. Ndinavomera, ndipo pofuna kuti asangalale ndinamupatsa Atlas, ine n'kukwera Marauder. Awiri otsala mu lance, gulu lathu la ma mech anayi, anali ma pilot a kompyuta, wina mu Catapult, wina mu Hunchback. Wa mu Hunchback ameneyo ndinali naye kuyambira ndili wosauka, luso lake linali litakwera mpaka kumapeto.

Misheni inali Warzone, pa pulaneti la chipululu lotentha, komwe mech imachedwa kuzizira. Tinapha adani onse omwe kontirakiti inkafuna, Ryana, mayi wa m'gemumo wotsogolera misheni pa wailesi, n'kulengeza kuti tikhoza kutuluka, chizindikiro cha pokwerera n'kuonekera pa mapu. Ndinamuuza mnzanga uja pa maiki kuti tiyeni tizipita, zida zathu zoteteza zapyapyala. Iye akuti tidikire gulu limodzi lokha, bonasi ikukwera. Ndinabwereza katatu. Kachitatuko sanandiyankhenso, anali atawona Locust.

Akulu, Locust ndi matani 20 ndipo imathamanga kupitirira makilomita 120 pa ola. Atlas sifika ngakhale 60. Munthu ameneyu anatembenuza matani 100 anga n'kuyamba kuthamangitsa kachinthu kameneko, akuwombera zida zonse nthawi imodzi, ma laser anayi, mizinga ya pafupi ya SRM, ya patali ya LRM pafupi pomwe singagwire n'komwe, Gauss ikungolasa mchenga. Ndinkamva alamu ya kutentha ikulira kudzera mu maiki yake. Ndikukuwa kuti siyani kuwombera, dikirani izizire. Kenako Atlas inangoti zii, yazima, mutu utawerama, msana utaloza kumene chombo chotsitsa ma mech a adani chinkatsikira. Ndipo m'gulu lomwe linatsikalo munali mech ya King Crab, yokhala ndi ma AC/20 awiri.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'choti zida zoteteza kumsana ndinazichepetsa ndine, kuti kutsogolo kukhale kokhuthala, chifukwa Atlas sumaonetsa mdani msana. Ndinamuuza zimenezi tisanatsike. Ndinkayang'ana kachithunzi ka mech yake pakona ya sikirini kakusintha mtundu, chikasu, kenako kufiira, mofulumira kuposa mmene ndikulembera panomu. Marauder yanga inali kutali, mwendo umodzi utavulala, ikungodzikoka. Amene anali pafupi anali wa Hunchback uja, ndiye ndinamulamula kuti alimbane ndi King Crab, mwina ingatembenukire kwa iye. Anapita. Anamenya kawiri ndi AC/20 yake, King Crab n'kutembenukadi. Mphindi imeneyo mnzanga uja akanangoyatsa Atlas n'kubwerera cham'mbuyo, tonse tikanatuluka. M'malo mwake anayatsa, n'kudina override, batani loletsa mech kudzizimitsa ikatentha, n'kuwomberanso zonse kamodzi, injini ikudziwotcha yokha mkati. Mbali ya kumanja inaphulika, mkono n'kugwera limodzi, Gauss yanga n'kupita pomwepo. Hunchback inatsala yokha pamaso pa King Crab. Sinakhalitse.

Tinatuluka awiri, ine ndi Catapult. Sikirini ya zotsatira itabwera ndinaona dzina la pilot wanga litalembedwa kuti wamwalira. Ma double heat sink atatu apita, Gauss yapita, pakati pa Atlas pabooka, mtengo wokonzetsa ukuposa malipiro onse a misheniyo ndi bonasi yake yomwe. Ndinangoti kakasi, dzanja lili pa mausi. Mu hedifoni munthu akuseka mpaka kutsokomola. Akuti, “Ingobwezerani save, si gemu chabe iyi?” Kenako akuti tulo tamugwira, n'kutuluka.

Anthu otere amandinyansa. Ankadziwa za lamulo langa, ndinamufotokozera, anati n'zabwino. Ankadziwanso kuti mu co-op ya gemu imeneyi kampeni ndi ya mwini wake, ma mech ndi a mwini wake, ngongole ndi ya mwini wake, mlendo akatseka gemu sataya kalikonse. Anabwera kudzaphulitsa zinthu zoti sanavutikire, ndipo ngakhale mawu amodzi oti pepani sanandilembere. Mawa lake ananditumizira kavidiyo ka Atlas ikugwa ngati nthabwala. Kuphonya sikulakwa, tonsefe tinazimitsapo mech pakati pa nkhondo tikuphunzira. Koma munthu woti ukumuuza katatu kuti tituluke iye n'kumangoyang'ana bonasi, ameneyo sakulemekeza nthawi yako. Ndinamuchotsa pa anzanga usiku womwewo. M'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri.

Save sindinabwezere. Ndinagulitsa Catapult kuti ndilipire Fahad, Atlas inabwerera ndi AC/20 wamba, ndipo mpando wa Hunchback ndinaikapo pilot watsopano wosadziwa ngakhale kubisala kuseri kwa phiri.

Tsopano yankho lanu. Tengani MechWarrior 5: Mercenaries, ndipo muziisewera ndi anzanu. Inde, ndikunena ndine. Ma pilot a kompyuta amamva malamulo anayi okha, menya uyu, nditsate, pita apo, leka kuwombera, pomwe munthu weniweni mumatha kugwirizana kuti iwe uzungulire kumanzere ine ndimukope. Anthu anayi mu lance imodzi, wina akuthira ma LRM ali kumbuyo, wina akudula miyendo, palibe chofanana nacho. Ndipo anzanuwo musawapatse zinyalala, munthu ukamukweza Locust yobooka satenga sabata asanatope. Apatseni mech yabwino. Kungoti Gauss ndi ma double heat sink muzichotsa kaye. Pokambirana kontirakiti muziikako pointi imodzi kapena ziwiri ku inshuwalansi ya zowonongeka, ndipo zokonzetsa zazikulu muzikachitira ku industrial hub, chifukwa m'dera la nkhondo zimadula komanso zimachedwa. Muzisunganso save musanalowetse mlendo. Ine sindibwezera, koma inu musadzizunze nazo. Ngati muli pa kompyuta, mukazolowera muikemo mod (chowonjezera pa gemu) ya Yet Another Mechlab, imatsegula mechlab, malo osinthira zida za mech, mpaka kufika posintha injini. MechWarrior 5: Clans ya 2024 ndi yabwino ngati mukufuna nkhani yolongosoka ya fuko la ankhondo la Smoke Jaguar, koma mulibe moyo wa ngongole uja, ndipo kwa ine ngongoleyo ndiye mtima wa gemu.

Armored Core VI ndi nyama ina. Musaiyembekezere kuti ikhala yolemera ngati MechWarrior, komwe miyendo imaloza kwina thupi kwina ndipo kutembenuka kumatenga nthawi. Ya FromSoftware iyi, ya mu 2023, ndi liwiro lokhalokha, kuuluka, kuzemba, kudzaza kamzere ka stagger ka mdani, kamene kakadzaza amaima kwa kanthawi, kenako kumukhoma ali njenjenje. Co-op mulibe, pa intaneti mumangomenyana, mmodzi ndi mmodzi kapena atatu ndi atatu. Ndinathawira kumeneko itatuluka, chifukwa kumeneko palibe amene angakuwonongere chako. Balteus, mdani wamkulu wa kumapeto kwa chaputala choyamba, anandisunga masiku atatu ndi mizinga yake ija yodzaza sikirini yonse. Chinandipulumutsa ndi kumvetsa kuti gemuyi imafuna usinthe mech yako, osangolimbikira ndi yomweyo. Tengani pulse gun yothyolera chishango chake, mukhale naye pafupi, mukamugwetsa stagger mumudule ndi lupanga. Zida mukagulitsa amakubwezerani ndalama zonse zomwe munagulira, ndipo mukafa mumatha kusintha mech pa checkpoint pomwepo, ndiye yesani chilichonse, miyendo ya thanki, miyendo inayi, zonse. Mathero alipo atatu, lachitatu limafuna kuti muimalize kawiri kaye.

Amene mwatchula MechWarrior 2 m'makomenti, mwandikumbutsa kutali. Ya 1995 ija, Clan Wolf ndi Jade Falcon. Ndinaipeza patapita zaka zambiri pa kompyuta yakale ya achimwene anga, zithunzi zake zili mabokosimabokosi, koma mawu a mayi uja wa mu cockpit akamawerenga kuti injini yayaka, masensa ayaka, zida zayaka, tsitsi linkandiima. Timber Wolf ya matani 75 ndi imene inandiphunzitsa kugawa zida m'magulu ndi kuyang'ana kutentha ndisanadine chilichonse. MechWarrior 4: Mercenaries ya 2002 ndinaikonda chifukwa cha mabwalo omenyanirana a Solaris. Armored Core yoyamba ya 1997 pa PlayStation nayo inali yankhanza, kuyang'ana m'mwamba ndi pansi unkachita ndi L2 ndi R2, ndipo zipolopolo ndi zokonzetsa ankakudula pa malipiro mpaka umatha kupambana misheni n'kutuluka ndi ngongole.

Steel Battalion ya Capcom, 2002, pa Xbox yoyamba, ndi imene ndimaiganizira ndikakumbukira mnzanga uja. Inkabwera ndi chiwongolero chake chachikulu, mabatani pafupifupi 40, ndodo ziwiri, zopondera zitatu, ndi batani la eject lokhala ndi kachivindikiro. Mech ikamaphulika iwe osadina batanilo nthawi yake, gemu inkafufuta save yako. Ndikanakonda munthu ameneyo akanakulira pa gemu yotero, bwenzi akudziwa kuti akati tuluka umatuluka.

Zina mwachidule. Titanfall 2 ya 2016, kampeni yake ndi yaifupi, mutha kuimaliza pa masiku awiri, koma BT, mech yomwe mumayenda nayo, simudzamuiwala. BattleTech ya 2018 ya Harebrained Schemes ndi yosinthana nthawi, dziko lomwelo la MechWarrior, ndipo ndi imene imaphunzitsa bwino chifukwa chake msana umatetezedwa. MechWarrior Online ndi yaulere, anthu 12 mbali iliyonse, koma musayambire kumeneko, mudzakumana ndi anthu omwe akhala akusewera kuyambira 2013 ndipo adzakudulani musanadziwe komwe kuwombera kukuchokera.

Mukaigula MechWarrior 5 mundiuze mu inbox, ndidzalowa mu lance yanu. Mundipatse Hunchback ngati muli nayo, ndipo Ryana akangoti tituluke mudzandipeza ndili kale pokwerera.