Kodi masewera olimbitsa minofu amapinimbiritsa mwana wosewera mpira?

Mayi, mwafunsa za ana anu awiri, mnyamata wa zaka 9 amene amasewera mpira wa miyendo ndi mtsikana wa zaka 12 amene ali m'timu ya mpira wa manja kusukulu. Mwanena kuti kochi wa mnyamatayo wayamba kuwachititsa ana ma press-up ndipo akufuna kuti azinyamulako tizitsulo, koma akuluakulu kunyumba akukuletsani ponena kuti mwana akayamba zimenezi msanga amapinimbira. Yankho langa ndi lakuti ana onse awiriwo angathe kulimbitsa minofu yawo popanda kuopa kuti asiya kutalika, malinga pakhale munthu wamkulu wodziwa bwino amene akuwayang'anira, ndiponso amene akuzindikira kuti thupi la mwana silipatsidwa ntchito yofanana ndi ya munthu wamkulu.

Mantha a akuluakuluwo ali ndi pochokera, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Chakumapeto kwa mafupa a miyendo ndi a mikono ya mwana kumakhala kachigawo kofewa kamene fupa limakulirapo, ndipo kachigawoka kamalimba pokhapokha mwana akamaliza kukula, atsikana akamayambirira ndipo anyamata akamatsatira pambuyo pake. Malo amenewa akathyoka koopsa, fupa likhoza kukula mopotoka kapena kufupika. Komatu kuvulala kotereku kumachitika kawirikawiri mwana akagwa mumtengo, akachita ngozi ya njinga, akawombana ndi mnzake pabwalo, kapena akayesa yekha kukweza chinthu cholemera kwambiri pamwamba pa mutu. Bungwe la madokotala a ana la ku America, American Academy of Pediatrics, linaunika nkhaniyi m'chaka cha 2008 n'kuibwerezanso m'chaka cha 2020, ndipo maulendo onse awiri linanena kuti masewera olimbitsa minofu oyang'aniridwa bwino salepheretsa mwana kukula. Anthu ena amaloza akatswiri onyamula zitsulo amene ali aafupi, n'kumati ndi zitsulozo zinawafupikitsa, pamene zoona zake n'zakuti munthu wamfupi amapambana mosavuta pa masewera amenewo, monga mmene wamtali amapambanira pa basketball popanda mpirawo kumutalikitsa.

Chimene chimapinimbiritsa ana kwathu kuno n'chodziwika. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo magwero ake ndi kuperewera kwa zakudya zoyenera komanso kudwaladwala, makamaka kuyambira mwana ali m'mimba kufikira atakwanitsa zaka ziwiri. Ana amenewo sanagwirepo chitsulo chilichonse.

Ndi bwino kumvetsa chimene chimachitika m'thupi la mwana wa zaka 9 akamachita masewerawa, chifukwa ndi pamene makochi ambiri amasokerera. Mwana asanathe msinkhu, minofu yake situkuka kwenikweni ngakhale alimbikire chotani, popeza thupi lake silinayambe kupanga mahomoni ochuluka amene amakulitsa minofu. Mphamvu zimene amapeza zimachokera ku ubongo ndi mitsempha, zimene zimaphunzira kulamula minofu yambiri kuti igwire ntchito nthawi imodzi ndiponso mwadongosolo. Choncho mwana wanu akhoza kuyamba kulumpha patali, kutembenuka msanga ndi kusagwetsedwa mosavuta, koma mikono yake n'kumaonekabe yowonda monga kale. Kochi amene akufuna kuona zifuwa zotukuka pa ana a Sitandade 4 akufunafuna chinthu chimene sichingatheke, ndipo iye ndi amene amayamba kuwonjezera katundu mopanda nzeru. Pa chifukwa chomwechi, ufa wogulitsidwa m'zitini woti umakulitsa minofu ndi zakumwa zoti zimapatsa mphamvu zilibe ntchito pa mwana, ndipo zakumwazo zimakhala ndi caffeine amene amasokoneza tulo ndi kugunda kwa mtima.

Pa funso la msinkhu woyambira, akatswiri ambiri amatchula zaka 7 kapena 8, koma chachikulu ndi chakuti mwanayo azitha kumvera malangizo ndi kuima ndi mwendo umodzi osadzandira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse, ndipo masiku osachepera atatu pa sabata pazikhala masewera olimbitsa minofu ndi mafupa.

Kwa mnyamata wanuyo, thupi lake lomwe ndi katundu wokwanira kwa miyezi yambiri. Ayambe ndi kuthamanga pang'onopang'ono ndi kusewera chipako kwa mphindi zisanu kapena khumi kuti thupi litenthe. Kenaka aphunzire kunyonyomala ndi kudzuka, zidendene zili pansi, msana uli wowongoka, mawondo asakupindikira mkati. Aphunzire ma press-up atayamba wagwada kapena atatsamiritsa manja pa benchi, aphunzire kukwawa ndi manja ndi mapazi mawondo osakhudza pansi, kulendewera pa nthambi yolimba kapena pa chitsulo, ndi kulumpha n'kutera mofewa. Chilichonse achibwereze maulendo 8 mpaka 12, apume, n'kubwerezanso kamodzi, ndipo ntchito yonseyo isapitirire mphindi 20 kapena 30, kawiri kapena katatu pa sabata, pa masiku osatsatizana. Lamulo limene ine ndimaliika patsogolo pa ena onse ndi lakuti mwana akayamba kupotoza thupi kuti amalize chiwerengero, pomwepo aleke, chifukwa ma press-up asanu ochitidwa bwino amamanga thupi pamene makumi awiri ochitidwa msana utagwera pansi amangomuphunzitsa chizolowezi choipa. Masewera athu akale monga jingo ndi fulaye asanyozedwe, pakuti kulumpha chingwe kumalimbitsa mafupa ndi akakolo, ndipo kuzinda mpira kumaphunzitsa kutembenuka mwachangu kuposa zambiri zimene makochi amakopera pa YouTube.

Zitsulo zingabwere pambuyo pake, ndipo zikhale zopepuka moti mwana angathe kuzinyamula maulendo 12 osasintha kaimidwe. Botolo la madzi la lita imodzi limalemera kilogalamu imodzi, ndipo ndi poyambira pabwino. Katundu awonjezedwe pang'ono kwambiri, ndipo ana asapikisane kuti aone amene anganyamule cholemera koposa. Chimene ndikukuchenjezani mwamphamvu ndi zitsulo zopanga tokha zija, za simenti wothira m'zitini kapena za zidutswa za galimoto, zimene anyamata akuluakulu amanyamula kuseri kwa nyumba. Kulemera kwake sikudziwika, mbali ziwiri sizifanana, ndipo mwana akalephera palibe womuwombola. Ndinenenso kuti chidebe cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo atsikana ambiri a msinkhu wa mwana wanu amachisenza pamutu kuchokera kumjigo tsiku ndi tsiku popanda wodandaula kuti apinimbira, chikhalirecho katundu ameneyo ndi amene amavutitsa khosi ndi msana kuposa tizitsulo ta kochi.

Mtsikana wanu ndi amene ndikufuna mumuganizire kwambiri, ngakhale funso lanu linatsamira pa mnyamata. Pa zaka 11 kapena 12 atsikana ambiri amakhala akutalika mofulumira, mafupa amatsogola ndipo minofu imatsalira, moti mwana amene ankasewera mwaluso amayamba kuoneka ngati wosokonekera kwa kanthawi. Malamulo a mpira wa manja salola wosewera kuyenda ndi mpira, choncho amalumpha, kuwakha, n'kuima mwadzidzidzi, nthawi zambiri ndi mwendo umodzi, pa bwalo louma kapena la simenti. Mphamvu yonseyo imathera m'bondo. Atsikana amaduka mtsempha wa mkati mwa bondo wotchedwa ACL kawirikawiri kuposa anyamata osewera masewera ofanana, ndipo kuvulala kumeneku sikusankha luso: Mwai Kumwenda, katswiri wa mpira wa manja wa ku Malawi, anaduka mtsemphawu m'chaka cha 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, ndipo anakhala miyezi yambiri asakusewera ngakhale anali ndi madokotala ndi zipangizo zimene mwana wa kusukulu ya pulaimale kuno sangazipeze. Chitetezo chake ndi chotsika mtengo. Aphunzitsidwe kutera ndi mawondo opinda, chiuno chitabwerera m'mbuyo, bondo likuloza kumene zala za phazi zaloza, ndipo alimbitse matako ndi minofu ya kuseri kwa ntchafu. Muimirire patsogolo pake, mumuuze alumphe kuchoka pa khonde lalifupi, ndipo muone ngati mawondo akugundana potera. Ngati akutero, ntchito yoyamba ndi imeneyo.

Pa mpira wa miyendo pali dongosolo lokonzedwa kale lotchedwa 11+ Kids, limene linapangidwira ana a zaka 7 mpaka 13 mothandizidwa ndi FIFA. Limatenga mphindi pafupifupi 15 kapena 20 masewera asanayambe, silifuna chida china koposa mpira, ndipo limaphunzitsa kuima ndi mwendo umodzi, kulumpha, kulimbitsa mimba ndi msana, ngakhalenso kagwedwe koyenera. Kafukufuku amene anachitika m'mayiko anayi a ku Ulaya, n'kufalitsidwa m'chaka cha 2018, anapeza kuti matimu amene analitsatira anachepetsa kuvulala pafupifupi ndi theka. Dongosololi likupezeka pa intaneti kwaulere, ndipo mungachite bwino kumuonetsa kochiyo.

Ana ambiri amavulala ndi kuchulukitsa, osati ndi katundu. Mwana amene amasewera kusukulu masana, kutimu madzulo, ndi kudambo Loweruka ndi Lamlungu, alibe tsiku loti thupi lichire. Azipuma tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, ndipo maola a masewera okonzedwa ndi kochi pa sabata asapose zaka zake. Asatsekeredwenso pa masewera amodzi okha ali wamng'ono chonchi. Ndikutsutsana kwambiri ndi chizolowezi cholanga ana ochedwa kapena ophonya chigoli powalumphitsa ngati chule kuzungulira bwalo, kapena kuwathamangitsa dzuwa lili paliwombo m'mwezi wa Okutobala, chifukwa zimenezi zimapweteka mawondo, zimaika mwana pa chiopsezo cha kukomoka ndi kutentha, ndipo zimamuphunzitsa kuti kulimbitsa thupi ndi chilango.

Chakudya chake sichifuna sitolo yapadera. Nsima, mbatata kapena mpunga zimapereka mphamvu, ndipo nyemba, mtedza, soya, usipa, mazira ndi mkaka zimamanga thupi. Asapite kubwalo ndi njala, atenge botolo la madzi, ndipo agone maola 9 kapena kuposerapo. Akadwala malungo kapena akatentha thupi, asachite masewera alionse mpaka atachira, ndipo abwerere pang'onopang'ono.

Kumva kuwawa pang'ono m'minofu tsiku lotsatira si vuto, ndipo kumatha pakapita masiku awiri kapena atatu. Chosiyana ndi ululu wa pa fupa kapena pa mfundo. Ana a msinkhu umenewu amakonda kumva kupweteka kunsi kwa bondo, pamene nthawi zina pamatuluka kachotupa kolimba, vuto limene madokotala amalitcha Osgood-Schlatter, kapena kuchidendene, limene amalitcha Sever. Mavuto onse awiriwa amachokera pa malo okulira aja akakokedwa mobwerezabwereza, ndipo nthawi zambiri amachepa mwana akachepetsa kulumpha ndi kuthamanga. Koma ngati mwana akutsimphina, mfundo yatupa, ululu ukumudzutsa usiku, kapena papita sabata ziwiri akupuma osasintha, mupite naye kuchipatala m'malo mongomuthowa kunyumba. Akadandaula za kupweteka pachifuwa, kubanika kapena chizungulire pamene akusewera, aime nthawi yomweyo ndipo asabwerere pabwalo dokotala asanamuone.