7815 yanu si yabodza, achimwene, vuto lili kwina

Achimwene ena amene amakonza zokuzira mawu za kutchalitchi kwawo anditumizira imelo. Ali ndi ampulifaya ya thiransifoma ya 25-0-25V, ndipo apanga preamp (gawo loyamba lokuzira mawu asanafike ku ampulifaya) ya ma op-amp awiri a NE5532, timachipu tokuzira mawu, yofuna +15V ndi -15V. Anaikapo 7815 ndi 7915, ma regulator otsitsa mavoti a ampu kuti akhazikike pa +15V ndi -15V, koma 7815 yafa kawiri. Funso lawo: kodi anawagulitsa zabodza, kapena agule kathiransifoma kena?

Achimwene, musanakadzudzule wogulitsa, tengani mita muyeze pa ma capacitor akuluakulu a ampu, aja obwera pambuyo pa thiransifoma ndi rectifier. 25V yolembedwa pa thiransifoma ndi ya AC. Ikadutsa pa rectifier, imene imasandutsa AC kukhala DC, imachulukitsidwa ndi 1.414, ndiye mupeza pafupifupi 35V mbali iliyonse. Ampu ikangokhala duu osaimba, kapena magetsi a m'nyumba akakwerako pang'ono, mita ikhoza kuonetsa 37V kapena 38V. Tsono malire a 7815 ndi 35V basi. Mwaiimika m'mphepete mwa phompho, ndiye kugwa nkosadabwitsa.

Ena akuuzani kuti mungoika ma resistor awiri ogawana mavoti. Musayese. Op-amp ikangoyamba kukoka karenti, 15V ija imasuntha, ndipo besi ikagunda mavoti a ampu akatsika, preamp nayo imatsika nawo limodzi.

Chofunika nkuwerenga kaye karenti imene preamp yanu imadya. NE5532 imodzi imakoka pafupifupi 8mA, ndiye awiri ndi 16mA. Ndi yochepa kwambiri, moti ine pamenepa sindingavutike ndi regulator. Resistor imodzi ndi zener imodzi (diode yogwira mavoti kuti asapitirire mlingo wake) mbali iliyonse zikukwanirani. Tengani zener ya 15V ya 1W, monga 1N4744A. Mukufunika kutaya 20V, kuchoka pa 35 kufika pa 15. Ndi resistor ya 680 ohm mudutsa 29mA: 16mA ipite ku op-amp, yotsalayo idyedwe ndi zener. Mwina mufunsa kuti bwanji osaika 820 ohm, poti pa pepala ikukwana. Taganizani Lamulungu kwaya itafika pachimake, woimba kiyibodi wakweza besi, mavoti atsika kufika pa 30V. Ndi 820 ohm zener itsala ndi 2mA yokha, isiya kugwira bwino. Ndi 680 ohm itsalabe ndi 6mA.

Resistor imeneyi itulutsa kutentha kwa 0.6W, choncho gulani ya 2W, ndipo powotcherera muisiyire miyendo yaitali kuti iime m'mwamba pang'ono. Mukaigoneka pa bolodi, pakapita miyezi mupeza kabwalo kofiirira pansi pake ngati pamene panagwera khala. Pambali pa zener ikani capacitor ya 220µF 25V, komanso 100nF pafupi ndi miyendo 4 ndi 8 ya op-amp iliyonse. Ku mbali ya negative zener ndi capacitor zimatembenuka. Mukaiwala, capacitor ikukumbutsani ndi kuphulika.

Koma ndikukudziwani anthu a kutchalitchi. Lero ma op-amp awiri, mawa abusa akufuna mamaiki anayi, equalizer ndi timagetsi tothwanima. Karenti ikayandikira 100mA, zener isiyeni, tengani ma regulator a LM317 (wa positive) ndi LM337 (wa negative), amene mavoti ake otuluka mumawasankha ndi ma resistor awiri. Izi siziyang'ana mavoti olowa okha, zimayang'ana kusiyana kwa olowa ndi otuluka, ndipo zimapirira mpaka 40V. Pa LM317, resistor ya 240 ohm ndi ina ya 2.7k zikupatsani 15.3V. Pa LM337 ikani 120 ohm ndi 1.3k, mupeza 14.8V. Kusiyana pang'ono kumeneko op-amp sikuidetsa nkhawa. Dziwani kuti 20V kuchulukitsa ndi 0.1A ndi 2W pa regulator iliyonse, ndiye heatsink, chitsulo chochotsa kutentha, ndi yosathawika. Ampu ya ±50V ndi nkhani ina: waya wa output ya LM317 akangogundana ndi ground, 50V yonse igwera pa LM317. Kumeneko kathiransifoma kapadera ka 15-0-15V nkabwino.

Pa heatsink pomwepa ndinalumidwapo ine. Ndinamanga 7815 ndi 7915 pa chitsulo cha bokosi la ampu, poganiza kuti ndi mapasa. Kuyatsa, fyuzi phwaa, kafungo ka pulasitiki m'chipinda monse. Chitsulo cha kumsana kwa 7815 ndi ground, koma cha 7915 ndi input. Miyendo yake nayonso siifanana. Pa LM317 chitsulocho ndi output, pa LM337 ndi input, ndiye zonse ziwiri zifunika mica ndi kawasha ka pulasitiki pa bawuti.

Mavoti akhoza kukhala bwinobwino koma sipika nkumang'ung'udza "mmmm". Nthawi zambiri ameneyo ndi ground. Musatenge ground ya preamp paliponse pamene mwaona waya wakuda. Waya wochoka pakati pa thiransifoma kupita ku ma capacitor amadutsamo karenti yamphamvu, yogunda ka 100 pa sekondi pa magetsi athu a 50Hz, ndipo preamp imakuza kugunda kumeneko ngati nyimbo. Kokani waya wakewake kuchokera pa malo amodzi pamene ma ground onse a ampu akumana, kutsogolo kwa ma capacitor.

Mukamaliza, zulani kaye ma NE5532 pa soketi, yatsani, yezani mwendo 8 ndi mwendo 4. Mukaona +15V ndi -15V, zimitsani, dikirani ma capacitor athe mphamvu, kenako bwezerani ma op-amp. Mundilembere zimene mita yaonetsa pa ma capacitor akuluakulu aja.