Msonkho wa ku Dubai ndi mitengo ya mafoni: yankho kwa mayi a pa Kamuzu Road

Mayi, mwafunsa ngati n'zoona kuti ku Dubai kunayamba msonkho wa makampani, poti amene mumaodako mafoni ndi machaja wakweza mitengo n'kumanena kuti chachititsa ndi msonkhowo, moti mukuganiza zoyamba kuoda ku Dar es Salaam kapena ku China. Msonkhowo ulipodi. Koma ndikukayika kwambiri kuti ndi umene wakukwezerani katundu.

Boma la United Arab Emirates, dziko limene Dubai ali mbali yake, linalengeza za msonkhowu mu January 2022, ndipo unayamba kugwira ntchito pa 1 June 2023. Ndi 9 peresenti, ndipo amadula pa phindu, osati pa katundu kapena pa ndalama zonse zimene shopu yagulitsa. Komanso phindu loyamba la madirhamu (ndalama za kumeneko) 375,000 pachaka, omwe ndi madola opitirira pang'ono 100,000, salikhudza. Mabizinesi ang'onoang'ono amene malonda awo onse sapitirira madirhamu 3 miliyoni pachaka anawapatsanso mpata wopempha kuti asalipire mpaka kumapeto kwa 2026.

Ndiye tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti akugulitsani foni pa madirhamu 1,000, ndipo akachotsa mtengo umene anaigulira, lendi ndi malipiro a antchito, iye akutsala ndi 100. Msonkho wake pa foni imeneyo ndi madirhamu 9. Ngakhale atafuna kuti msonkho wonsewo mumulipirire ndinu, foniyo ikwera osafika ndi 1 peresenti yomwe. Tsono pamafoni a holoselo phindu limakhala lochepa chifukwa ku Deira, dera la malonda la mu Dubai, mashopu ndi ogundizana, aliyense akulimbirana kasitomala yemweyo. Wina akakuwonjezerani 15 kapena 20 peresenti n'kuloza msonkhowu, wangopeza pobisalira. Mwina lendi yamukwerera, mwina nayenso amupikulitsa modula, mwina wangoona kuti muli kutali ndipo simungafunse. Zonsezo n'zotheka, koma azitchule ndi dzina lake.

Musausokoneze ndi VAT. Imeneyo ndi 5 peresenti, inayamba kale pa 1 January 2018, ndipo katundu wotuluka m'dzikolo mwadongosolo, wokhala ndi mapepala osonyeza kuti watulukadi, amamuwerengera pa ziro. Ngati mumatumiza pa kago, funsani ngati VAT ikumalowa mu invoyisi yanu, ndipo ngati ikulowa, afotokoze chifukwa chake.

Chimene chasinthadi kumeneko ndi mapepala. Kale munthu ankatsegula shopu, n'kumagulitsa ndi kashi, mabuku osasamala nawo kwenikweni poti panalibe wofunsa za phindu. Pano kampani imayenera kulembetsa ku Federal Tax Authority, bungwe lawo lotolera misonkho, ndipo chindapusa chochedwa kulembetsa anachiika pa madirhamu 10,000. Imayeneranso kusunga mabuku ndi kupereka lipoti la msonkho pasanathe miyezi 9 chaka chake cha bizinesi chitatha. Kwa shopu yaing'ono, kulipira akauntanti kungathe kupweteka kuposa msonkho weniweniwo. Kwa ife oodafe zotsatira zake ndi izi: wogulitsa amene kale ankavomera kulemba invoyisi ya mtengo wotsika kuti pachipata musalipire zambiri, tsopano sangavomere mwachisawawa, chifukwa zimene walemba ziyenera kugwirizana ndi mabuku ake ndi za kubanki. Anzathu ena oodako adandaula nazo, ndikudziwa. Ine ndimaona kuti invoyisi yoona ndiyo imakutetezani a MRA akayamba kukayikira mtengo wa katundu wanu pa Songwe kapena pabwalo la ndege.

Ena akumanena kuti Dubai watha, makampani athawa. Athawira kuti? Saudi Arabia imadula 20 peresenti kwa makampani akunja, Oman 15, Qatar 10. Kwathu kuno kampani imalipira 30 peresenti. Ndipo ku Emirates munthu salipira msonkho pa malipiro ake a pamwezi, za PAYE kulibe. Madera apadera a malonda monga Jebel Ali, limene linakhazikitsidwa mu 1985, akadali ndi mwayi wa ziro peresenti pa ntchito zina zimene lamulo linatchula, bola kampaniyo ikhale ikugwiradi ntchito kumeneko, osati kungokhala ndi chikwangwani pachitseko. Chimene chimakokera amalonda ku Dubai si kusowa msonkho kokha. Pali doko lalikulu, ndege zopita kulikonse, ndi dirhamu imene inamangidwa ku dola pa 3.67 kwa zaka zambirimbiri osagwedezeka. Munthu sangasiye zonsezo chifukwa cha 9 peresenti.

Nanga anauyambitsiranji poti ndalama za mafuta ali nazo? Mafuta ambiri ali ku Abu Dhabi, a Dubai ndi ochepa, ndipo boma lawo lakhala likufuna ndalama zosadalira mtengo wa mafuta. Chinanso, mu October 2021 mayiko opitirira 130 anagwirizana kudzera ku OECD, bungwe la mayiko loona za chuma, kuti makampani akuluakulu apadziko lonse azilipira osachepera 15 peresenti kulikonse kumene ali. Dziko likapanda kutolera, lina limene kuli likulu la kampaniyo litolera yotsalayo. A Emirates anaona kuti kuli bwino atolere okha, ndipo kuyambira January 2025 makampani opeza mayuro 750 miliyoni kapena kuposa pachaka amalipira 15 peresenti. Wogulitsa machaja wanuyo sali m'gulu limenelo.

Chimene chatiluma ife chili konkuno. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo madola kubanki amavuta kupeza moti ambiri amagula kwa a m'misewu pamtengo wokwera kwambiri. Poti dirhamu imayenda ndi dola, dola ikakwera ku Lilongwe, katundu wa ku Dubai wakwera kale ngakhale mwini shopu asanasinthe kalikonse. Onjezanipo kago, msonkho wa pachipata, VAT yathu ndi thiransipoti yofikitsa katundu ku Salima. Mukasamukira ku China mukafunabe madola omwewo, ndipo kumeneko nthawi zambiri amafuna muode wambiri n'kudikira nthawi yaitali. Ku Dar kuli pafupi, inde, koma katundu wina wa pa Kariakoo ndi yemweyo wadzera ku Dubai kapena ku China, ndipo wapakatiyo waikapo kale phindu lake.

Musanasinthe kooda, tulutsani invoyisi yakale ndi yatsopano, muyerekeze mtengo wa foni ya mtundu umodzi m'madirhamu, osati m'makwacha. Ngati m'madirhamu wakwera pang'ono chabe, wogulitsayo musamusiye, vuto ndi kwacha. Ngati wakweradi kwambiri, tumizani mndandanda womwewo pa WhatsApp kwa ogulitsa ena awiri kapena atatu, ndipo mumuuze wanuyo kuti mwafunsa kwina.