Liwu loti "orb": kodi ndi mpira kapena ndi mkombero?

Mayi wina amene amaphunzitsa Chingelezi kusekondale wandilembera kalata pa imelo kufunsa za liwu loti "orb". Akuti buku lina lotanthauzira mawu likunena kuti ndi chinthu chobulungira ngati mpira, pamene lina likutchulanso chinthu chozungulira ngati mkombero, ndipo akufuna kudziwa kuti lolondola ndi liti komanso kuti liwuli lidachokera kuti.

Mayi, mabuku onse awiriwo akunena zoona, koma tanthauzo la mkombero ndilo lakale. Liwuli lidalowa m'Chingelezi kuchokera ku liwu la Chilatini loti "orbis", ndipo Aroma ankaligwiritsa ntchito potchula zinthu zozungulira koma zaphwatalala, monga gudumu la ngolo, mphete kapena chishango. Ife tikadafanizira ndi lichero, osati dzungu. Pofuna kunena za chinthu chobulungira, iwo adali ndi mawu ena monga "globus" ndi "sphaera", lachiwirili atalibwereka kwa Agiriki. Dziko lonse ankalitcha "orbis terrarum", kutanthauza mkombero wa maiko wozingidwa ndi nyanja, ndipo n'chifukwa chake dalitso limene Papa amapereka ku Rome pa Khirisimasi ndi pa Pasaka limatchedwa "Urbi et Orbi", ndiye kuti kwa mzinda ndi kwa dziko lonse.

Amene adalikokera liwuli ku tanthauzo la mpira ndi akatswiri akale a zakuthambo. Potsata chiphunzitso cha Ptolemy, katswiri wakale wa mumzinda wa Alexandria ku Igupto, iwo ankakhulupirira kuti mwezi, dzuwa ndi mapulaneti zidamatiriridwa pa zigoba zobulungira zoonekera mkati, china mkati mwa chinzake ngati makoko a anyezi, ndipo zigobazo zikamazungulira zimanyamula zounikirazo. Zigoba zimenezi ndizo ankazitcha "orbes". Ngakhale Copernicus, amene adachotsa dziko pakati n'kuikapo dzuwa, adasunga liwuli pa mutu wa buku lake la 1543, De revolutionibus orbium coelestium, kutanthauza za kuzungulira kwa zigoba zakumwamba. M'kupita kwa nthawi dzina la chigoba lidasamukira pa chimene chigobacho chidanyamula, kotero alakatuli a ku England adayamba kutcha mwezi, dzuwa, ngakhalenso maso a munthu kuti "orbs". Ophunzira anu akakumana nalo m'ndakatulo, kawirikawiri tanthauzo lake limakhala limeneli.

Chitsanzo chimene ambiri adachiona pa kanema ndi mpira wagolide wokhala ndi mtanda pamwamba, umene udaikidwa pa bokosi la maliro a Mfumukazi Elizabeth II mu 2022, kenako n'kuperekedwa m'dzanja la Mfumu Charles III pomulonga ufumu ku Westminster Abbey pa 6 Meyi 2023. Mpirawo udapangidwa mu 1661 polonga Charles II, ndipo umaimira dziko lokhala pansi pa ulamuliro wa Khristu.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti tanthauzo lakale lija silidafe, lidangobisala m'mawu ena. Liwu loti "orbit", njira imene mwezi kapena satelaiti imayendamo, lidachokera ku "orbita", mkwasa umene gudumu limasiya pamsewu. Mtengo wa katundu ukakwera mopyola muyeso Angelezi amati ndi "exorbitant", ndipo pachiyambi liwulo linkanena za chinthu chimene chatuluka mu mkwasa, ngati ngolo yosiya msewu n'kulowa kutchire. Akangaude amene amaluka ukonde wozungulira pakati pa nthambi amatchedwa "orb-weavers", chonsecho ukondewo ndi waphwatalala, ulibe kubulungira kulikonse.

Pophunzitsa, ndingakulangizeni kuti muwauze ana kuti m'Chingelezi cha masiku ano "orb" ndi chinthu chobulungira, ndipo ndi liwu la m'mabuku limene munthu sangalitchule ponena za mpira wa miyendo. Za mkombero muziwafotokozera pokhapokha mukafika pa "orbit", chifukwa pamenepo ndi pamene adzafunsa okha kuti njira ya mwezi ikugwirizana bwanji ndi mpira wa mfumu.